Asilikali a pakhoma la a Muhiwa

A Elijah Muhiwa anabadwira m'malaini a esiteti ya tiyi, ndipo anagwira ntchito m'nyumba ya manijala kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitati mbuu. Pabalaza la nyumbayo panali chithunzi chakale chojambula ndi penti, cha nkhondo ya Afalansa ndi anthu a ku Russia. Munali akavalo, utsi wa mizinga, ndi asilikali akugwa panthaka yoyera ndi chisanu. Lachisanu lililonse a Muhiwa ankachipukuta ndi nthenga za nkhuku, poti nsanza yonyowa inali yoletsedwa.

Manijala womaliza wachizungu pochoka anawasiyira chithunzicho. Anapita nacho ku Khonjeni, kwawo kwa akazi awo a Fainess, kumene anakakhala chikamwini. A Fainess atamwalira, abale awo anawasudzula a Muhiwa mwaulemu, monga mwa mwambo, kuti abwerere kwawo. Koma kwawo kunali kuti? Makolo awo anachokera ku Mozambique wapansi, ndipo malaini amene anabadwiramo anagwetsedwa kalekale, pamalopo n'kudzalapo tiyi. Ana awo anali ku Joni. A Muhiwa anamanga mphasa, ndowa ndi chithunzi pa kabaza, nakapeza kachipinda kuseri kwa chigayo ku Luchenza.

Ine ndinkadutsa pamenepo pochokera kusukulu kumene ndimaphunzitsa.

"Aphunzitsi, talowani muwalonjere anzanga," anandiitana tsiku lina.

Anandilozera msilikali wina wa pakona ya chithunzicho, wokhala pansi yekha, nsapato imodzi ili m'manja.

"Enawa akumenyana. Koma uyu watopa basi. Akufuna njira yakwawo, ndiye palibe womufunsa. Timagwirizana."

Itafika nyengo ya chiperoni, khoma la kachipindako linayamba kunyowa. Chithunzi chinachita chuku, ndipo penti inayamba kumatuka kuchokera m'munsi, kulowera kwa msilikali uja. Ndinawauza kuti kusukulu kuli chipinda cha mabuku chouma bwino, ndipo akuluakulu a sukulu akulola kuti chikapachikidwe kumeneko.

Anayang'ana pakhoma.

"Nanga ine m'mawa ndizidzutsana ndi ndani?"

Sindinawakakamize. Mvula yamawawa inapitirira. Ndikadutsa ndinkawapeza atatulutsa chithunzi pakhonde kudikira dzuwa lomwe silinkatuluka.

M'mawa wina anatulukira pageti la sukulu atachisenza pamutu, atachikulunga m'chitenje cha a Fainess.

"Phazi lake layamba kudyeka," anatero. "Bola akakhale kouma. Koma wina asachikhudze ndi madzi. Ndizibwera ndekha."

Amabweradi Lachisanu lililonse, nthenga zili m'thumba la jekete. Ana amawazungulira.

"Agogo, anapambana ndani?"

"Ndawapukuta zaka zonsezi, sanamalizebe. Ndi aulesi ngati inu nomwe."

Ana amaseka, iwonso amaseka. Belu likalira onse amathamangira m'kalasi, ndipo a Muhiwa amatsala ataima pafupi ndi pakona paja kanthawi, kenako amavala chipewa chawo.

Masiku enawo ndikadutsa kuseri kwa chigayo ndimawaona m'kachipinda muja, chitseko chili pululu. Pakhoma patsala msomali ndi malo owala pamene panali chithunzi. Mpando wawo sanausunthe. Ukadayang'anabe komweko.