Kope Lofiira la Malume

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa cha thumba la chimanga lomwe ndinatsamira pa siwa. Kwaya inali itatopa, kunangotsala amayi atatu akuimba chapansipansi m'nyumba momwe munagona thupi la malume. Mwera unkawomba kuchokera kunyanja, abambo atazungulira moto, ena atafunda zitenje za akazi awo. Ine za kuzizira sindinkazimva n'komwe. Mtima wanga unali pa kope lofiira.

Malume ankadziwika dera lonse la Khombedza ngati munthu wokonza mijigo mwaulere. Mjigo ukangofa, anthu ankati itanani aja a sipanala. Ankanyamulanso odwala panjinga kupita nawo kuchipatala, ndipo amayi ozemba sikelo ankawathawa. Koma anali ndi ntchito inanso yomwe abale ambiri ankaiona ngati misala: kufufuza kwawo kwa agogo awo aakazi. Mayi ameneyo anafika kunyanja kuno ali kamtsikana, atagwidwa pankhondo, ndipo anamwalira osatchulapo mudzi wake kapena mfunda wake. Mbumba yonseyi tinachokera mwa iyeyo, koma mutatifunsa kwathu kwenikweni tikhoza kungoyang'anana. Chilichonse chomwe malume ankamva kwa okalamba ankachilemba m'kope lija.

Mwezi watha anandiimbira foni ndili ku Lilongwe, nati mudzi uja aupeza. Inawauza ndi nkhalamba ina yomwe kale inkapha nsomba ku Mbenji, ndipo nayonso inatisiya sabata yotsatira. Ndinati tchulani. Anakana, ati za makolo sanenera pafoni, ndichite kubwera.

Kutangoyera ndinayamba kusaka. M'chikwama chawo munali masipanala, malabala a mjigo ndi sopo wotsala. Pashelefu panali Baibulo ndi magalasi. Ndinafunsa asuweni anga, onse anangopukusa mitu. Woti akanadziwa anali akazi awo a malume, koma anali pambali pa bokosi atafunda kumutu, amayi a kumpingo atawazinga. Namfedwa sungamufunse za mapepala mwamuna wake asanaikidwe, anthu angakuone ngati wobwerera katundu.

Ndiye pamaliro munthu wa galimoto sakhala pansi, abale inu! Inu a m'tauni, katengeni mabenchi kutchalitchi. Inu a m'tauni, adzukulu kumanda sanadye, ndipo akuti sapitiriza kukumba. Inu a m'tauni, nkhuni zatha. Ndinayenda maulendo asanu, ndikutukwana chamumtima. Pobwera ulendo womaliza msewu unali utadzaza. Masamba omwe tinaika pamsewu anali ataponderezeka ndi matayala. Anthu ankatsika pa kabaza, ena palole, asodzi atavala majekete awo onunkha utsi, anyamata ogwira ntchito m'maloji a ku Senga Bay, Asilamu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ndi zisoti zawo zoyera. Kuseri kwa nyumba moto unali mbali zonse, nyemba zikuwira m'migolo yodula pakati.

Cha m'ma leveni tinaona nkhope. Ndinadutsa pamzere ngati wina aliyense, ndipo ndinaona kuti mutu wawo wakwera pang'ono, koma sindinaganizepo kanthu. Kenako anakhoma bokosi.

Mbiri yawo anawerenga bambo wina wa komiti ya chitukuko. Anatchula mijigo mudzi ndi mudzi, anatchula mlatho wa mitengo womwe malume anatsogolera kumanga, amayi n'kumalira mokweza. Zonsezo zinali zoona. Koma atafika pa makolo anangoti banjali linachokera kumapiri a ku Dedza. Ha! Bodza lomwelo lomwe malume anakhala zaka akulitsutsa, lero likunenedwa pamutu pawo, pa chimkuzamawu. Ndinatsala pang'ono kuimirira.

Tili panjira ya kumanda, fumbi likutilowa m'maso, amayi anga aang'ono anandiyandikira nati, "Bola apita ndi kope lawo. Alamu awaikira kumutu, pansi pa chitenje."

Ndinapyola kwaya, ndinapyola onyamula nkhata, mpaka ndinapeza mkulu wa adzukulu. Ndinamupempha monong'ona kuti atsegule mphindi ziwiri zokha, ndijambule masamba ndi foni, kope libwerere pomwepo. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Achimwene, bokosi likakhomedwa lakhomedwa. Mukufuna anthu awa anene kuti mukusaka chiyani pamtembo?"

Ndinayesa abusa, anati zimenezo n'za eni mbumba. Eni mbumba ake ati, poti mwini mbumba ndi yemwe anali m'bokosimo? Ndinaima pamanda ndikuona zingwe zikutsika. Dothi loyamba litagunda bokosi amayi anakuwa, ine ndinangoluma mlomo. Ndinena mosabisa, nkhata yanga ndinaika ndili wokwiya, ndipo mpaka lero zimandichititsa manyazi.

Madzulo anthu anabalalika. Mabenchi anabwezedwa, migolo anaivundikira, pabwalo panangotsala phulusa ndi nkhuku zikutola nyenyeswa. M'nyumba munali zii. Akazi a malume anali pamkeka okha, miyendo atatambasula. Ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko, ndipo ngakhale ndinayesa kufewetsa mawu, sanafewe.

"Amayi, kope lija munaikiranji m'bokosi?"

"Munthu amapita ndi chomwe ankachikonda," anatero osandiyang'ana. "Ndikanawaikira sipanala? Sipanala ndi ya anthu, mijigo ifabe. Kope linali lawo. Zaka zonsezi ndani wa inu anapemphapo kuti aliwerenge?"

"Nanga dzina la mudziwo anakuuzani?"

"Ndinawafunsa. Anati ine ndine wobwera, woyamba kumva akhale mwana wa mlongo wawo." Anakonza mpango wawo. "Loweruka lililonse ankasamba m'mawa, kuvala malaya oyera, kukakhala pasiteji ndi kope m'manja kudikira minibasi yochokera ku Salima. Akabwera ankati mwina ntchito yamuchulukira, abwera sabata yamawa. Anapita kanayi."

Ndinafuna kunena kuti ntchito inalidi yambiri. Ndinayesa kukumbukira chomwe ndinkachita Loweruka anayi amenewo, ndipo ndinakumbukira limodzi lokha. Ndinkatsukitsa galimoto.