Mawu Amene Ndinalasa Nawo Ba Tembo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala ku Kanyama, ine, amayi ndi amuna awo, Ba Tembo. Bambo wondibereka sindimudziwa. Ba Tembo anandipeza ndikukwawa, ndipo sankanditchula dzina, ankangoti "mwana wanga". Ntchito yawo inali kugula mbuzi kumidzi n'kumagulitsa m'tauni, choncho kuseri kwa nyumba kunali kakhola konunkha mkodzo, makamaka mvula ikagwa.

M'kakholamo ndimo anandiphunzitsa mawu akuti mfule. "Iyi banaifula," anatero akusisita mbuzi yonenepa. "Siizabalisa, koma ilibe ndeo."

Mawu omwewo ndinkawamvanso pampopi. Ba Tembo akamadutsa, azimayi ankatsinana n'kunong'ona kuti "mfule", chifukwa zaka khumi m'banja amayi sanatengenso pakati. Ndisaname kuti tanthauzo sindinkalidziwa. Ndinkalidziwa bwino lomwe, ndipo ndinalisunga ngati mwala m'thumba.

Tsiku lina ndinasiya khola losatseka, mbuzi zinakadya repu wa aneba. Ba Tembo anandikoka khutu anthu akuona, anzanga akuseka. Manyazi anandigwira, mtima unaphulika.

"Nisiyeni! Sindimwe batate banga," ndinakuwa. "Ndimwe mfule chabe!"

Ndinadikira mbama, ndipo akanandimenya bwenzi zitathera pomwepo. Iwo anangosiya khutu langa, n'kupita kukakusa mbuzi zawo.

Kusukulu sanandisiyitse, nsapato ankandigulirabe. Koma kuyambira tsikulo ankangonditchula dzina langa, "Esnati". Ine, pokhala wouma khosi chibadwire, ndinkati ndipepesa mawa, mawalo likafika ndinkatinso mawa. Nditafika giredi naini anadwala chifuwa, ndipo anamwalira ndisanatsegule pakamwa.

Kumanda, mkulu wa mpingo powerenga mbiri yawo anati, "Malemu basiya mukazi. Mwana banalibe." Ndinali pomwepo, pambali pa amayi, nditavala yunifolomu imene malemuwo anandisoketsera. Palibe anacheuka kundiyang'ana, ndipo inenso sindinadzutse mutu.

Lero ndili ndi ana anga atatu, koma nkhaniyi ikundidyabe. Ndikudziwa tsopano kuti azimayi a pampopi aja sakanawalanda kanthu Ba Tembo, pakuti ankabwerera kunyumba n'kupeza wowaitana kuti batate. Padziko lonse panali munthu mmodzi yekha amene akanawasandutsa wopanda mwana, ndipo munthuyo ndi ine.