Khadi la magazi a amake

Kalata yoyamba yodandaula kuchipatala ndinalemba Lolemba lotsatira Pasaka, zaka ziwiri zapitazo. Kalata yachiwiri ndinakapereka pamanja nyengo yokolola nsawawa, yachitatu mvula itangoyamba. Zonse anazidinda polandira, ndipo makope ndili nawo.

Malemu mkazi wanga anapita padera kanayi tikukhala ku Madzimoyo. Tinapulumutsa mwana mmodzi, wamkazi. Patapita zaka mwendo wa amake unatupa, ndipo dokotala anapeza kuti magazi awo amaundana msanga. Analemba pakhadi, natiuza kuti vutoli limayenda m'mtundu, mwanayo adzayezetse asanatenge pakati. Khadilo ndinaliika mu envulopu limodzi ndi satifiketi ya ukwati. Silinanyowepo, chiswe sichinalilawe. Koma mwini nkhani sindinamuuze. Bambo sakamba za mimba ndi mwana wake wamkazi. Ndinkati amake adzamuuza, amakewo n'kumwalira iye akali pasukulu.

Anakwatiwa ku Kapata. Mimba yoyamba inachoka, yachiwirinso chimodzimodzi. Apongozi ake anati ndi mdulo, wina m'nyumbamo akuyenda njira zamseri. Mkamwini wanga, munthu wosadziwa ndi bala ya mowa yomwe, akwawo anam'mwetsa mizu mpaka anadwala. Itachoka yachitatu ndinakwera minibasi ndi envulopu ija. Ndinaipereka kwa mwana wanga nkhope ili kumbali. Anawerenga kawiri, n'kupinda mmene inalili.

"Atate, pepalali mwalisamala bwino," anatero.

Kuchipatala namwino anandibweza pakhomo, akuti kusikelo sikulowa madala. Ndinaima padzuwa mpaka khadilo litafika kwa dokotala. Mwana wanga anamutenga magazi, n'kunena kuti akayezedwa ku Lusaka. Zotsatira mpaka lero. Kalaliki wina anati zili mukompyuta koma netiweki yavuta. Mnzake anati amene anatumiza anasamutsidwa. Masiku ano akandiona amaseka.

"Mdala wa fayilo wabwera. Agogo, mimbayo ndi yanu kodi?"

Kalaliki amene anateroyo ndinamuuza kuti abwereze mawuwo pang'onopang'ono ndilembe. Sanabwereze.

Tsopano mwana wanga ali ndi pakati, miyezi iwiri. Ndamva kwa azakhali ake, poti iye sandiuza. Zitatu zija zonse zinachoka mwezi wachinayi.

Choncho ndikupempha akuluakulu a chipatala, mwaulemu, kuti andiyankhe polemba: magazi aja anafika ku Lusaka kapena anatayika? Ngati anatayika, mumutengenso ena sabata ino, ndipo dokotala anene chithandizo chake mwezi wachinayi usanakwane.