Khoma Lobisa Madzi

Kwathu kuno m'mphepete mwa mtsinje wa San Jorge, nyumba iliyonse ili ndi lamba wa penti wodera mkati, kuyambira pansi mpaka pomwe madzi osefukira analekezera. Matope amasiya chipsera pakhoma, ndiye timachiphimba ndi penti wa mtundu wa matope omwewo. Lambayo ndi amenenso amatiuza pokhomera nsanja yamatabwa yogonapo mtsinje ukabweranso. Wotipakira tonse anali mnansi wanga Don Eudoro Támara, nkhalamba yamakani ngati bulu.

Pentiyo ankasakaniza yekha m'chidebe, uku akunyogodola aliyense wopempha woyera.

"Woyera? Mayi inu, mukufuna kugona m'chipatala? Mtsinje ukabwera mudzandifuna."

Anapaka nyumba zathu mpaka maso ake anayamba kuchita chidima. Mkazi wake anamwalirira m'nyumba yomweyo, ndipo iye analumbira kuti adzatulukamo ali m'bokosi basi. Koma mwana wake Nohemí, wokhala kumzinda wa Barranquilla, anali atamuuziratu: "Bambo, madzi akadzangopitirira zenera, ndikudzakutengani. Sitidzakambirananso."

Chaka chimenecho madzi anapitiriradi zenera.

Ataphwa, ndinamupeza ali pamakwerero, akupaka khoma lonse mpaka kudenga. M'nyumba munali bii ngati m'dzenje.

"Don Eudoro, mwapenga kodi? Mzere uli kuti?"

"Ndi mmene akupakira a m'tauni masiku ano. Inu mumadziwa chiyani, kupatula mamba a nsomba?"

"Mukubisa madzi, nkhalamba yabodza inu!"

"Kagulitseni nsomba zanu, zikuola."

Nohemí atafika ndinamuuza zonse osapsatira. Anayang'ana ine, anayang'ana khoma. Kwathu kuno khoma silinama, ndipo amene analipaka ndi bambo ake. Nohemí anati ndimakonda miseche. Mtima unandiwawa, sindibisa.

Poti nsanja yakale inali itawola, Nohemí anaitana kalipentala kuti akhome yatsopano iye asanabwerere kutauni.

"Bambo, lozani pomwe analekezera madzi."

Ndinali pakhomo, ndikuona. Dzanja la nkhalamba linakwera pang'ono, kenaka linatsika n'kukaima pansi pa zenera. Akanaloza pamwamba, akanakwera basi ya ku Barranquilla tsiku lomwelo. Kalipentala, mlendo wochokera kumapiri, anakhoma pomwe anamulozerapo.

Ndinamuchonderera Don Eudoro kuti tiikweze nsanjayo. Anati mawa, kenaka sabata yamawa. Kukweza nsanjayo kunali kuvomera.

Mvula yotsatira, chotchinga mtsinje chinagumuka masana dzuwa likuswa mtengo, ine ndili kumsika. Anthu anathawira pansanja zawo monga mwa masiku onse, iyenso anakwera pa yake n'kutseka chitseko. Pomwe tinkafika ndi bwato, zenera silinkaonekanso. Tinachita kung'amba malata.

Tinamuika pafupi ndi mkazi wake nthaka itauma. Nohemí sanandilankhule pamaliro. Madzulo ake ndinamupeza m'nyumba muja, akusisita khoma ndi chikhatho, kufunafuna pomwe madzi anafika. Anasisita mpaka pomwe dzanja lake linalekezera, kenaka anakwera pampando.

"Amayi, anafika pati?" anandifunsa, osatembenuka.

Ndinayang'ana nanenso. Matope anali atauma pakhomapo, koma sukanasiyanitsa matope ndi penti. Ntchito yake ankaidziwa, nkhalamba ija.