Mlezi wa Makoswe a ku Morecambe

Mayi Glenda Ormerod anakazinga nsomba ndi tchipisi ku Morecambe kuyambira ali mtsikana mpaka mawondo atakana. Sanabereke, ndipo akafunsidwa ankati Mulungu anawakomera mtima. Kwa iwo mwana anali munthu amene amakulirira tchipisi, n'kuzimwaza pansi, n'kukuyang'ana ngati wamwaza ndiwe.

Amene anawagwetsa m'mavuto ndi mng'ono wawo, Noreen. Mdzukulu wa Noreen, Maisie, anasankhidwa kukhala khoswe m'sewero la Khirisimasi, koma lamulo silinkalola ana kukwera nsanja popanda mlezi wokhala ndi chiphaso cha khonsolo. Mlezi wakale anali atathyoka chiuno.

"Achemwali, mumangokhala pano kukalipira wailesi ya kanema," anatero Noreen. "Bwanji osakakalipira zinthu zoti zingakumveni?"

"Nanga iwe miyendo ulibe?"

"Mwaiwala zija ndinagunda chipata cha tchalitchi ndi galimoto nditalawa? Apolisi sanaiwale."

Choncho apolisi anafufuza mbiri ya Mayi Ormerod, osapeza kanthu, ndipo eni ake anakhumudwa pang'ono kuti moyo wonsewo sunasiye ngakhale kabanga. Pankafunikanso anthu awiri owaikira umboni. Anapeza abusa, amene ankangowaona pamaliro, ndi bambo amene ankawagulitsa mbatata.

Ku khonsolo anawalandira mtsikana wa mawu ofewa ngati nesi.

"Tandiuzeni, mayi, n'chifukwa chiyani mumakonda ana?"

"Wakunamizani ndani?"

Mtsikanayo anaika cholembera pansi.

"Okonda ana amawakhulupirira," anapitiriza Mayi Ormerod. "Ine mwana akati ali bwino, ndimakatenga ndowa yosanziramo."

Anawatumizabe kumaphunziro, m'chipinda chozizira, mabisiketi ake olimba ngati matailosi. Anangotolako mfundo imodzi: diso lisachoke pa mwana, ngakhale akupita kuchimbudzi umuperekeze mpaka pakhomo. Chiphaso chinabwera ndi chithunzi chimene Noreen anati n'chokwanira kugonetsa ana osawaimbira nyimbo.

Maisie ndi ana anzake osewera ngati makoswe anawapatsa chipinda chapansi pa holo ya zisudzo, chonunkha masokosi. Tsiku loyamba Mayi Ormerod analanda masiwiti onse n'kuwadya ana akuona. Kamtsikana kena katawatcha agogo, anakauza kuti agogo ake enieni ali kunyumba akupuma chifukwa ndi ochenjera. Pofika sabata yachiwiri makoswe ankayenda pamzere, michira ili m'manja kuti isapondedwe.

Sewero loyamba linali Loweruka masana, holo itadzaza. Maisie anaima kuseri kwa katani, akusinthasintha miyendo.

"Anti Glenda, mkodzo."

"Ndinakufunsa pansi paja, unati ulibe."

"Wabwera pompano."

Chimbudzi chinali mbali inayo ya nsanja. Njira yake inali yozungulira kumbuyo, koma Maisie sanadikire. Anangodutsa pakati penipeni, pamene mwana wa mfumu anali atagwada akufunsira mbeta. Mayi Ormerod sanaganize zambiri. Anamulondola, atavala jekete la mvula, ndowa ili m'manja, chiphaso chikulendewera pakhosi, akutsimphina.

Pansanjapo panalinso Clive, wogawa makalata, amene chaka chilichonse ankavala diresi ndi mawere a thonje kukhala mayi wa mbetayo. Clive sakanalola mwayi woterewu kumudutsa.

"Mayi, mwasochera? Basi ya ku Lancaster imaima panja."

"Khala chete, Clive. Bere lako lina lafika pamchombo."

Anthu anaseka mpaka ena kutsamwa. Mwana wa mfumu anaiwala mawu ake, anangokhala chigwadire. Maisie anafika kuchimbudzi nthawi ikadalipo, ndipo pobwerera anazungulira kumbuyo, khutu lake la nsalu lili m'dzanja la mlezi.

Sewero litatha, woyendetsa zisudzo, Bambo Hesketh, anatsika kuchipinda chija nkhope itafiira. Anayamba ndi kukalipa za ulemu wa nsanja. Atatopa, anatsitsa mawu n'kufunsa ngati mayiwo angamadutse choncho tsiku lililonse, popeza chiyambire holoyo anthu anali asanasekepo chotero.

"Ine ndikakhala wa zisudzo, mundipezere mlezi wanga," anayankha. "Ndipo akhale wamwamuna, wa mano ake enieni."

Sanakwerenso nsanja. Maisie nayenso zisudzo anazisiya chaka chomwecho, pano amamenya mpira. Koma Mayi Ormerod chiphaso chija amachikonzetsabe chikatha, ndipo a kanema a ku Manchester amawatumizira galimoto akakhala ndi mwana wovuta. Ana samawavutitsa kwenikweni. Amene amawatopetsa ndi makolo, amene amafika ndi zipeso, kulavulira m'manja n'kumasalaza tsitsi la mwana woti akukavala chigoba cha bakha. Oterewo amawatuma kukagula tiyi kusitolo ya kutali, n'kukhoma chitseko.