Tsiku limene ndinasambitsa mapulagi a bambo

Ndikukumbukira kuseri kwa nyumba yathu ku Chiputula, pansi pa mtengo wa mapeyala, pamene bambo ankagwirira ntchito yawo ya umakaniko. Dothi la kumeneko ndi lofiira, koma pamalo amenewo linada bii ndi oyilo, moti ngakhale mvula ya ku Mzuzu, imene imagwa osayang'ana mwezi, inkalephera kulitsuka. Tinali titangosamuka kumene kuchokera ku Zomba. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, Chitumbuka changa chinkathera pa "yewo", ndipo bambo, a Makwinja, anali asanadziwike. Anthu ankangowatchula kuti makaniko wakumwera uja. Ankawabweretsera njinga ndi mapulayimasi, koma magalimoto ankapita nawo kwina, zimene zinkawapweteka mumtima ngakhale sankanena.

Galimoto yoyamba inabwera ndi a Nyirenda a ku Msongwe, mphunzitsi wopuma pantchito. Inali yakale ngakhale pa nthawi imeneyo, yaitali, yakuda, ya masilinda sikisi ondandalikana mzere umodzi. Kabuleta yake, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, inang'aluka, ndiye munthu wina anaikapo ya lole. Pamalo athyathyathya inkayenda monyada, koma ikangoona chitunda inkatsokomola n'kuzima. Tsono mwana wawo wamkazi ankakwatiwa Loweruka, ndipo tchalitchi chinali pamwamba pa chitunda. Amakaniko awiri anali atailephera kale. Bambo anadziwa kuti mkwatibwi akakatsika panjira n'kuyamba kukwera wapansi ndi chovala chake choyera m'matope ofiira aja, dzina lawo mu Mzuzu lidzathera pomwepo.

Iwo ankaganiza kuti kabuleta ya lole ija inali yaikulu kuposa manifolodi, chitoliro chachitsulo chanthambi chimene chimagawira masilinda onse chakudya chawo. Ankati pakamwa pa ziwirizi payenera kulingana, apo ayi ana okhala pafupi ndi mbale amakhuta, a kumapeto n'kugona ndi njala. Kabuleta ina yocheperapo anali nayo, koma kuti ikhale pamanifolodi pankafunika kusema chitsulo cholumikizira ndi tupa, ntchito ya masana onse. Akanalakwitsa, nthawi yobwerera m'mbuyo panalibe. Choncho Lachisanu m'mawa anaika mapulagi oyera, tizipangizo toyatsa moto m'masilinda, n'kuyendetsa galimotoyo mpaka ku Ekwendeni ndi kubwerako. Atafika anamasula mapulagi onse sikisi n'kuwandandalika pathabwa monga mmene analili mu injini. Mtundu wa nsonga zake ndi umene ukanawauza zoona. Onse akada, ndiye kuti petulo wangochuluka. Onse akatuwa, ndiye kuti mpweya ukulowa mozemba penapake. Koma apakati akada, akumapeto n'kutuwa, ndiye kuti kabuleta ndi manifolodi sizikugwirizana.

Zonsezi ndinazimva pambuyo pake. Pa nthawiyo a Nyirenda anali atawakokera bambo kumsewu kuti akaone matayala amene wina ankagulitsa, mapulagi akadali otentha, asanawayang'ane n'komwe. Mayi anali kubwalo kumene amayi onse ankaphunzira nyimbo ndi magule a chipani, ndipo kumeneko munthu sankajomba. Pakhomo ndinatsala ndekha.

Zidole zanga za zitsononkho zinatsala ku Zomba, ndipo anzanga ochita nawo masanje ndinali ndisanawapeze. Ndiye taganizani, ndikupeza tiana sikisi tagona pathabwa, tovala malaya oyera osalala, timitu take tokha takuda. Ndinatitenga kamodzikamodzi kuyambira kumanzere, n'kutitcha mayina: Joni woyamba kubadwa, kenako Meri, Pita, Paulo, Rute, ndi mzime wanga Eliza. Poti mayi wabwino sasiya ana ali ndi litsiro, ndinatunga madzi m'chitini, n'kutapa phulusa ndi mchenga monga ankachitira mayi potsuka mapoto. Ndinawakwecha ndi mtima wonse, kwinaku ndikuwakalipira. Madzi anali ozizira mpaka zala kuuma, fungo la petulo lili m'mphuno, koma ndinalimbikira mpaka onse anawala mbee. Ndinawayanika padzuwa ndili wonyada kwambiri.

Bambo atabwera anaima chilili. Sanakuwe. Anavula chipewa, n'kukanda m'mutu, n'kuchivalanso. A Nyirenda anasuzumira pathabwa paja n'kugwira pakamwa.

"Adada Makwinja, kasi mwana uyu watichita vichi? Ulendo wose wa ku Ekwendeni wapita m'madzi! Ndipo petulo watsala ni wa ukwati pera."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndapalamula. Ndinayamba kulira, ndipo mwa mantha ndinaganiza zokankhira mlandu kwa anawo.

"Si ine, ababa. Ndi Pita ndi Paulo. Anali akuda ngati kunsi kwa mphika, ndiye ndikanawasiya bwanji?"

Bambo ananjuta mpaka maso awo analingana ndi anga. "Tatonthola, Esinati. Pita ndi Paulo ndi ati?"

Ndinaloza wachitatu ndi wachinayi.

"Nanga enawa?"

"Meri ndi Rute anali ndi litsiro pang'ono. Joni ndi Eliza anali otuwa mbuu, ngati sanadzole mafuta. Amenewo sanandivute."

"Sunawasinthanitse malo?"

Funso limeneli linandikwiyitsa ndithu, misozi ili m'masaya. Ndi mayi uti amene angasokoneze woyamba kubadwa ndi mzime? Ndinawauza choncho. Bambo anandifunsanso kawiri, akuyambira kumapeto, kenako pakati, ndipo yankho langa silinasinthe. Ataimirira anati, "Kabuleta ya loleyi ikuchoka."

A Nyirenda sanakhutire. "Sono ukwati wa mwana wane tikuuika pa mawu a kamwana ka masanje? Are you serious, adada?"

"Wawakwecha ndi manja ake," anatero bambo. "Wawaona bwino kuposa mmene ndikanawaonera ine."

Masana onsewo tupa inalira. Bambo anasema chitsulo chija, akuchiyeza pakamwa pa manifolodi, kusemanso, kupisa chala m'kati kuti amve ngati patsala kakhonde kamene petulo angakodwepo. Gasiketi yotseka mpata pakati pa zitsulozo anaidula pa katoni yolimba, akugogoda m'mphepete ndi kahamala. Ine chilango changa chinali kukhala pa chitini osasuntha, manja pamiyendo. Kunena zoona, chinali chilango chowawa kuposa mkwapulo, chifukwa ndinkaona thukuta likutsika pakhosi pa bambo kunja kukuzizira, ndipo ndinadziwa kuti ngati ndalakwitsa, ndawagwetsa ndine. Dzuwa likupendeka anailiza galimoto ija. Inalira mosalala, koma bambo anati pabwalo galimoto iliyonse ndi yaulemu, chitunda ndicho chidzanene.

Loweruka ine ndi bambo tinakaima m'munsi mwa chitunda chija, pakati pa anthu a maambulera, kukuwaza kamvula. Galimoto inatulukira itakongoletsedwa ndi maluwa, a Nyirenda ali pachiwongolero nkhope ili gwa. Bambo anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka kupweteka. Itayamba kukwera, mawu a injini anatsika, mtima wanga n'kutsika nawo. Kenako inangokoka, osatsokomola ngakhale kamodzi, mpaka pakhomo pa tchalitchi. Amayi anaimba nthungululu poona mkwatibwi, koma ine ndinkati akuimbira ife. A Nyirenda anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, "Yewo chomene, adada! Muwawuze a Pita na a Paulo kuti tafika!" Mwezi usanathe, pansi pa mtengo wa mapeyala panalibenso malo a njinga, panadzaza magalimoto.

Masiku ano galimoto yanga ikavuta, amangoilumikiza ku kompyuta, iyo n'kunena yokha pamene pakupweteka. Kabuleta achinyamata ambiri sanaionepo, ndipo sindidandaula, chifukwa magalimoto a lero savutitsa akwatibwi. Chimene chimandikhudza ndikamakula n'china. Munthu wamkulu, mlendo m'tauni ya eni, dzina lake lili pachiswe, anagwada pansi n'kufunsa mwana amene wangomuwonongera ntchito kuti waona chiyani, ndipo anamukhulupirira. Ine ndalera ana anayi, ndaphunzitsa sukulu zaka zambiri, koma ndikawerenga masiku amene mwana wolakwa ndinayamba ndamufunsa ndisanamukalipire, manyazi amandigwira.