Vidiyo ya Dalia inachokera m'foni mwanga

Ndine amene ndinam'chotsetsa mnzanga ntchito imene anaidikira zaka zinayi. Ndinachita zimenezi ndi chala chimodzi, nditakhala m'basi pochokera kusukulu. Inu owerenga, makamaka atsikana anzanga, ndikulemba izi kuti mudziwe kuti nsanje sibwera ikukuwa. Kwa ine inabwera mwakachetechete, ine n'kumaitcha nthabwala.

Ndimakhala ku Silver Spring ndi amayi anga, omwe amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Bowie. Tinabwera kuno kuchokera ku Liwonde ine ndili Fomu 2. Kwathu ndinali katswiri wa zisudzo pasukulu pathu. Ndikangotulukira pabwalo anthu ankayamba kuseka ndisanayankhule n'komwe, ndipo aphunzitsi ena anandiuza kuti tsiku lina ndidzaoneka pa kanema. Mawu amenewo ndinawalemba patsamba loyamba la buku limene ndimalembamo za tsiku ndi tsiku, n'kubwera nawo ku America.

Kuno zinthu zinasintha. Chingerezi changa chimene ankachitama ku Liwonde, kuno anthu ankandiuza kuti ndibwereze kawiri katatu. Ndinalowabe gulu la zisudzo, koma ntchito yanga nthawi zambiri inali kukoka mipando.

Mnzangayo ndimutcha Dalia, ngakhale si dzina lake lenileni. Tinadziwana m'mwezi wa Ramadhani. Nthawi ya chakudya chamasana ana amene tamanga, ndiye kuti tikusala kudya, timakakhala mulaibulale kuthawa fungo la zakudya, ndipo iye anadzakhala pafupi nane n'kundifunsa ngati nanenso ndamanga. Tikucheza tinapeza kuti timakhala m'nyumba imodzi yosanja, iye pamwamba penipeni, ine pansanjika yachitatu. Anali wa ku Egypt, wamkulu kwa ine ndi chaka chimodzi. Patapita milungu ingapo ndi pamene anandionetsa pafoni kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri kakulira m'sewero la pa TV, n'kundiuza kuti kameneko ndi iyeyo. Anali atasewera m'masewero angapo ndi filimu imodzi bambo ake asanasamutse banja kubwera kuno.

Anandifotokozera kuti kwawo Ramadhani ndi nyengonso ya masewero a pa TV. Sewero limodzi limatenga mwezi wonse, gawo limodzi tsiku lililonse, ndipo banja likangomasula limakhala pansi kuonera. Amene waonekamo, pofika Idi dziko lonse limakhala litam'dziwa. N'chifukwa chake opanga masewerowa amabisa kwambiri mathero a nkhani. Dalia ankalota zobwerera m'masewero amenewa ali wamkulu.

Chaka chotsatira, masamba a mitengo atayamba kufiira, anthu ena a ku Cairo anam'kumbukira. Anam'tumizira masamba atatu a sewero latsopano kuti adzijambule akusewera, atumize aone. Kujambula kotere kumafuna anthu awiri. Woyesedwayo amaima patsogolo pa kamera, kutchula dzina lake ndi dzina la sewerolo, kenaka wina amene sakuoneka amam'werengera mawu a munthu winayo. Dalia anasankha ine. Pabalaza pathu pali khoma loyera ndi zenera lolowetsa dzuwa la masana, ndipo foni yanga inkajambula bwino kuposa yake yosweka galasi.

Chiarabu changa ndi cha ku madrasa, chowerengera pang'onopang'ono, osati chimene amayankhula m'misewu ya ku Cairo. Choncho Dalia anandilembera mawu anga m'zilembo zathuzi, ine n'kuwaloweza ngati nyimbo. Ine ndinali mayi, iye mwana. M'chigawo chimenecho mwanayo amatulukira kuti mayi amene anam'lera si amene anam'bereka, ndipo amenewo ndiwo anali mathero a sewero lonse. Anandiuza poyera kuti chimenechi ndi chinsinsi. Amayi akenso anali atam'letsa kuuza munthu aliyense. Iwo amaopa kwambiri diso la anthu. Pakhomo pawo anapachika mkanda wabuluu, ndipo chabwino chilichonse sachitchula chisanapse.

"Koma iwe si munthu aliyense," Dalia anatero. "Ungoyesetsa, chifukwa ukuyankhula ngati agogo opanda mano."

"Agogowo ndi amene akupezetse ntchito," ndinamuyankha.

Tinajambula masana anayi. Tsiku lina amayi anatipeza Dalia ali pakati polira, anaima pakhomo ndi chikwama chawo n'kuti, "Mwana wa eni akulira pabalaza panga, iwe uli pikitipikiti kujambula? Ntchito zakuno zilipo." Tinaseka mpaka kugwa pansi.

Koma owerenga, kuseri kwa foni ija mtima wanga sunkaseka. Dalia ankangotseka maso, kupuma kamodzi, misozi n'kuyamba kutsika, yeniyeni. Ine ku Liwonde ndinkachita kupaka malovu m'masaya. Ndinaona ndi maso anga kuti akundiposa, ndipo foni yoonetsa zimenezo ndinaigwira ndine.

Mwezi womwewo kusukulu anagawa mbali za sewero la chaka. Mbali yaikulu, imene ndinaiyeserera kwa milungu itatu m'bafa, anam'patsa Dalia. Ine anandipatsa wantchito wobweretsa kalata, wa mizere itatu. Patangopita masiku ochepa uthenga unabwera kuchokera ku Cairo kuti am'tenga, anyamuke mu Disembala. Anatsika masitepe akuthamanga opanda nsapato kudzandikumbatira. M'buku langa tsiku limenelo ndinalemba kuti, "Dalia wapeza mwayi. Ndakondwa kwambiri." Tsambalo ndikadali nalo. Ndinasindikiza cholembera mpaka pepala linabooka.

M'mawa mwake Dalia anakauza aphunzitsi kuti sewero la kusukulu lija sakwanitsa chifukwa achoka. Anangolisiya ngati munthu wosiya chakudya atakhuta. Ine ndinadikira kuti mwina tsopano aitana dzina langa. Anaitana mtsikana wina, ine n'kukhalabe ndi kalata yanga.

Madzulo ake m'basi ndinatsegula mavidiyo aja. Panali imodzi imene sitinatumize, chifukwa Dalia analira mpaka mamina kutsika. Pasukulu pathu pali tsamba la miseche la pa intaneti, kumene munthu amatumizako zinthu dzina lake osaoneka. Ndinatumiza vidiyo ija yonse, n'kulemba pansi pake kuti nyenyezi ya ku Cairo yadwala chimfine. Ndinadziuza kuti anthu angoseka tsiku limodzi, iye atsike pang'ono afanane ndi ife. Za chinsinsi ndinazikumbukira ndithu, sindinganame. Koma ndinati kuno ndani angamve Chiarabu? Ndinaiwala dala kuti mulaibulale muja tinkakhala ndi ana a ku Sudan, a ku Morocco ndi enanso a ku Egypt komweko.

Amene anamva anatumizira abale awo. Vidiyo ija inali ndi zonse, nkhope ya Dalia, dzina lake, dzina la sewero ndi mathero ake. Sabata isanathe inali itafika pamasamba a ku Egypt okamba za masewero a Ramadhani. Opanga sewero aja sanachite kukalipa. Anangolemba mizere iwiri yonena kuti sangagwire ntchito ndi munthu wosasunga chinsinsi, ndipo malo ake apatsa wina.

Dalia anabwera kwathu maso ali ofiira. Ankadziwa kuti vidiyo ija inali m'foni mwanga mokha, ndipo ngakhale mawu anga ankamveka mmenemo. Apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri, ndipo kulakwa kumeneku kunaposa koyamba. Ndinamuuza kuti tsiku lina ndinaiwala foni yosakhoma m'chipinda chosinthira zovala pa nthawi yoyeserera, ndiye mwina wina anaitola. Anandikhulupirira. Anachita kundipepesa ine, kuti ndisadziimbe mlandu. Amayi ake atanena kuti limeneli ndi diso la munthu wapafupi, Dalia anakangana nawo, osayankhulana masiku angapo, chifukwa choteteza ine.

Ndinakhala ndi bodza limeneli miyezi inayi. Tinkakwerabe basi limodzi. Iye anasiya kukamba za masewero. Ine wantchito wanga wa kalata ndinam'sewera, anthu anaseka pa mzere wachiwiri, koma sindinamve kukoma kulikonse.

Ramadhani itafika, amayi a Dalia anandiitana kuti ndikamasule nawo. Ndikuganiza kuti ankafuna kupepesa chifukwa chondiganizira zoipa. Anandipatsa zipatso za tende ndi dzanja lawo, n'kundiikira chakudya chambiri kuposa aliyense. Titapemphera, bambo ake anayatsa TV, ndipo sewero linali lomwe lija. Amayi ake anafuna kusintha koma Dalia anati alisiye. Popeza chinsinsi chinali chitaululika, opanga sewerowo anasuntha chigawo chija n'kuchiika kumayambiriro, moti chinaoneka tsiku lomwelo ine ndili pampando wawo.

Mayi wa m'sewero uja atayamba kuyankhula, ndinazindikira mawu aliwonse. Milomo yanga inayamba kuyenda yokha. Nditacheuka ndinaona kuti Dalia nayenso akunong'ona mawu a mwanayo, patsogolo pang'ono pa mtsikana amene anam'lowa m'malo. Munthu amene ankatha kulira nthawi iliyonse imene wafuna, tsiku limenelo sanagwetse msozi ndi umodzi womwe. Chigawocho chitatha anangoti, "Wasewera bwino," n'kuyamba kuchotsa mbale.

Nditatsika kwathu ndinawauza amayi zonse. Anamvetsera osandidula mawu. Kenaka anati, "Ndiye iwe ukuti wamanga? Wamanga chiyani? Ukungodzipha ndi njala. Mawa ukwere ukanene wekha. Ine sindikuperekeza, potumiza paja sunandiitane."

Mawa lake titaweruka kusukulu ndinam'pempha Dalia kuti tikhale pamasitepe. Ndinanena mosazungulira kuti foni sinatoledwe ndi munthu, ndinatumiza ndine. Anandifunsa chifukwa chake. Ndinati nsanje. Linali tsiku loyamba kutchula liwu limeneli, ngakhale m'buku langa munalibe.

"Ukanandiuza," anatero. "Ukanangoti, Dalia zikundipweteka, ndikanamva. Ine ndinawatcha amayi anga amiseche chifukwa cha iwe."

Anatambasula dzanja, ine n'kuganiza kuti akufuna langa. Ankafuna foni. Anafufuta mavidiyo onse a masana anayi aja, ndi ija yomwe tinkaseka amayi atatipeza, n'kundibwezera. Anakwera masitepe osacheuka. Kuyambira tsiku limenelo tikakumana m'chikepe ankandipatsa moni ngati mmene amapatsira munthu aliyense wa m'nyumbamo.

Atamaliza sukulu anabwerera ku Cairo kukakhala ndi azakhali ake. Ndinamva kwa amayi anga, omwe amachezabe ndi amayi ake, kuti anayambiranso pansi, chifukwa m'ntchito imeneyi anthu amadziwana ndipo mbiri yoti sasunga chinsinsi inam'tsogolera. Amayi ake anandiuza kudzera mwa amayi anga kuti ndilembe kalata yovomera kulakwa kwanga, Dalia akaonetse kwa opanga masewero. Ndinalemba. Sindikudziwa ngati anaionetsa, kapena ngati pali amene anaiwerenga.

Ramadhani ya chaka chino anaoneka m'sewero lina, monga wogulitsa mankhwala m'sitolo, kwa mphindi zochepa chabe. Ndinaonera pafoni kambirimbiri. Wameta tsitsi lalifupi, ndipo akadali ndi khalidwe lake lotseka maso asanayankhule. Zimene ankanena sindinamvepo kanthu, chifukwa tsopano palibe wondilembera m'zilembo zathu. Pa Idi ndinam'tumizira mafuno abwino. Patapita masiku awiri anayankha ndi mawu awiri okha ondifuniranso Idi yabwino. Ndinawakopera m'buku langa. Ndili ndi chikhulupiriro kuti tsiku lina adzafika kumene ankapita, ngakhale ndinam'talikitsira njira, ndiponso kuti mwina mawu awiriwo adzakhala atatu.

Inu owerenga, mnzanu zikamuyendera mtima wanu n'kuwawa, musadzinamize kuti mwakondwa. Itchuleni nsanjeyo ndi dzina lake nthawi ikadalipo. Uzani amayi anu, kapena mnzanu yemweyo, kapena lembani zoona m'buku lanu. Imachititsa manyazi poinena, koma manyazi amenewo ndi a tsiku limodzi. Chimene munthu wakusungitsani m'foni mwanu si chanu, ndipo musaganize kuti pali chinenero chimene kuno palibe wochimva. Mukalakwa nenani tsiku lomwelo, musalole kuti amene mwam'lakwirayo akangane ndi amayi ake pokutetezani.

Ine kutsika kwa Dalia sikunandikweze ngakhale pang'ono. Chaka chino kusukulu andipatsa mbali ya mizere khumi ndi umodzi, ndipo ndaipeza ndi khama langa. Masana ndikaweruka ndimaima pakhoma loyera lija kuyeserera. Ndikanena mzere wanga ndimakhala chete pang'ono, kudikira kuti wina ayankhe, kenaka ndimadziyankha ndekha.